Timibulu ta Adona

Juni wa ku Joni saseka ndi munthu.
Chisanu chimalowa m'mafupa ngati ngongole,
ndipo chaka chino chabwera ndi mnzake,
chimfine choti ukangotsokomola mu minibasi ya ku Bree
makosi khumi ndi asanu amakhotera kuwindo.

Adona anga ku Greenside anandiitanira kukhitchini.
Kabotolo kochepa kuposa chala changa,
m'kati timibulu toyera ngati mazira a chiswe.
Titatu pansi pa lilime, Feliya,
osatafuna, osamwa khofi, osagwira ndi manja.
Jakisoni ayi. Thupi limadziwa lokha njira,
opanga katemera amalemera ife tikamaopa.
Ndinafunsa: muli chiyani m'menemu?
Akuti dontho limodzi m'madzi, kukhutchumula,
dontho la madziwo m'madzi ena, kukhutchumulanso,
mpaka mankhwala atha, madzi n'kutsala akukumbukira.
Ndinavomera ndi mutu.
Kwathu ku Ntcheu ameneyo timati Sobo wa pamaliro.

Lachinayi pochapa
ndinapeza kapulasitala m'mkono wa shati ya bwana,
kathonje kali ndi kadontho ka magazi.
Ndinakakwirira m'bini pansi pa makoko a mbatata.
Wantchito ali ndi maso, pakamwa anasiya pageti.

Ku Yeoville chipinda tinagawa ndi katani.
Kuseri kwake Ezelina akutsokomola ngati akung'amba chitenje.
Foni: amalume ku Lizulu, uthenga wa mphindi zisanu ndi ziwiri,
akuti katemera amaumitsa chiberekero,
anamva kwa mnzawo amene anamva kwa dalaivala wa thiraki.
Foni: abusa akuti mafuta odzoza afika.
Wa pafamase mu Rockey akuti makapisozi alipo
koma mubwere ndi kalata ya dokotala,
amathandiza masiku awiri asanadutse,
ena amasanza nawo,
mtengo wake theka la lendi.
Ezelina, thukuta kamukamu, funso lake ndi limodzi:
kodi kuchipatala safunsa pasipoti?
Yake inatha mphamvu pa Isitala.

Ndinamuika titatu pansi pa lilime.
Anati n'totsekemera. Anagona.
Kutentha thupi sikunagone.
M'mawa kabotolo kanali katagudubuka pawindo,
nyerere zili pamzere, iliyonse kambulu pamutu
ngati amayi ochokera kuchigayo.
Ndinaseka ndekha mpaka misozi inasintha chifukwa.

Sindikuwanyoza adona.
Mayi awo anafera m'chipatala, mapaipi m'mphuno,
madokotala akulankhulana pamwamba pa mutu wawo
ngati pabedipo palibe munthu.
Wa timibuluyo amawamvetsera ola lathunthu,
amafunsa ngakhale zimene analota.
Mantha awo amavala juzi yaubweya,
anga amafunda bulangete la pasalaula,
koma ndi pachibale.

Faifi koloko, mdima ukadali, mzere wa kukiliniki ku Hillbrow.
Mpweya wa anthu ukufuka ngati tonse tikusuta.
Wogulitsa mandasi wavala masiki pachibwano.
Ezelina wanditsamira, akulemera ngati thumba la simenti,
pasipoti yakufa ija ili m'kamisolo.
Anamulowetsa khomo lina. Sindinamve chimene anamufunsa.

Ine ndavula jekete, ndapinda juzi,
ndipo pamenepo, pamwamba pa mkono,
kachipsera kakale kandiyang'ana,
kozungulira ngati khobidi.
Mayi anandibereka kumsana kuchokera ku Biriwiri wapansi
kuti akandibaye pamenepo.
Sankadziwa kuwerenga. Sindidziwa ngati ankaopa,
ndipo sindingathenso kuwafunsa.

Kabotolo kali m'thumba, mwatsala tisanu ndi tiwiri.
Lolemba adona adzafunsa ngati ndikumwa,
ndidzati zikomo, ndi juzi ya manja aatali.

Nesi wafunsa m'Chizulu, wabwereza m'Chingerezi,
kenako wangoloza: mkono uti?

Wamanzere, asisi.
Wamanjawu mawa uli ndi zosita.